MTENGO WA MAGETSI CHAKA NDI CHAKA: ZIMENE MABANJA A KU DOWA NDI NTCHISI AYENERA KUDZIWA

Munthu akaima madzulo pa msika wa Mponela, pa Madisi, pa Mvera kapena pa boma la Ntchisi, amaona nyali za magetsi ziri mbee m'masitolo, m'zigayo ndi m'nyumba za m'mbali mwa msewu. Koma akatembenukira kumapiri, kumene kuli midzi yochuluka ya anthu athu, amaona mdima wokhawokha, wongobooledwa apa ndi apo ndi kuwala kwa tochi kapena moto wa pabwalo. M'malo ena mawaya amadutsa pamwamba penipeni pa minda ya fodya ndi mtedza, osatsikira ngakhale pa nyumba imodzi ya eni mindawo.

Chotero nkhani ya magetsi iri ndi mbali ziwiri m'maboma athu awiriwa. Alipo mabanja amene magetsi anawafika, ndipo dandaulo lawo ndi lakuti ndalama imene kale inkagula mayuniti a mwezi wathunthu tsopano ikutha mwezi usanafike pakati. Aliponso mabanja ena, ndiwo ochuluka koposa, amene akali kudikira tsiku limene mapolo adzakumbiridwe m'mudzi mwawo. Komatu onsewa mtengo wa magetsi umawakhudza. Mayi wa kumudzi amene sanayatsepo babu m'nyumba mwake amalipira magetsi tsiku lirilonse limene apita ku chigayo. Bambo amalipira pamene akawotcheretsa njinga kapena ngolo, ndipo mnyamata amalipira pometetsa tsitsi ndi potchajitsa foni. Tiyeni tsono tione m'mene mtengowu wayendera m'zaka zapitazi, chimene chimaukweza, ndi chimene banja lingachitepo.

YUNITI N'CHIYANI?

Sitingathe kukamba za mtengo wa chinthu tisanadziwe muyeso wake. Chimanga timayesa m'ndowa kapena pa sikelo, nsalu timayesa pa mita, ndipo magetsi timayesa m'mayuniti. Chipangizo chirichonse cha magetsi chiri ndi nambala yolembedwa pa icho, yotsatana ndi chilembo cha W. Nambala imeneyo ndiyo mawati, ndipo imatiuza kukula kwa njala ya chipangizocho. Mawati 1,000 akagwira ntchito kwa ola limodzi, yuniti imodzi yatha.

Tiyerekeze babu lakale la mawati 60. Likamayaka maola 5 usiku uliwonse, pa masiku 30 lidzakhala litadya mayuniti 9. Babu lamakono la mtundu wa LED la mawati 9, lowala mofanana ndi lakale lija, pa nthawi yomweyo silifika ngakhale pa yuniti imodzi ndi theka. Simbi ya mawati 1,000 ikasita zovala kwa ola limodzi yadya yuniti imodzi. Mbaula ya magetsi ya mawati 1,500 ikaphika maola awiri pa tsiku imadya mayuniti 3, ndiye kuti mayuniti 90 pa mwezi. Koma foni, ngakhale muitchaje tsiku ndi tsiku mwezi wonse, siitha yuniti imodzi.

Polankhula za malo opangira magetsi timagwiritsa ntchito muyeso waukulu wotchedwa megawati, umene uli mawati 1,000,000. Awerengi asunge mawu awiriwa, yuniti ndi megawati, pakuti tikumana nawo m'nkhani yonseyi.

KUMENE MAGETSI ATHU AMACHOKERA

Mvula ikagwa pa phiri la Ntchisi kapena pa mapiri a Dowa, madzi ake amatsikira m'mitsinje monga Bua ndi Lingadzi, nakathira m'nyanja ya Malawi. Nyanjayi iri ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndilo mtsinje wa Shire. Madzi aja amadutsa ku Mangochi, m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde, kumene kuli chitseko cha madzi cha Kamuzu Barrage chomangidwa mu 1965, kenaka amafika pa mathithi kumene amazunguza makina opukusa magetsi. Motero madzi amene anachoka kwathu kuno amabwereranso kwa ife kudzera pa waya.

Malo oyamba aakulu opangira magetsi pa Shire anali a Nkula A, amene anatsegulidwa mu 1966 ndi mphamvu ya mamegawati 24. Panatsatira Tedzani woyamba mu 1973 ndi Tedzani wachiwiri mu 1977. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, kufunika kwa magetsi m'chigawo chapakati kunakula kwambiri, ndipo mu 1980 makina oyamba a Nkula B anayamba ntchito. M'zaka za m'ma 1990 anawonjezera Tedzani wachitatu, ndiponso malo ang'ono a Wovwe ku Karonga. Kapichira anatsegulidwa m'chaka cha 2000, nakulitsidwa patapita zaka zoposa khumi kufikira mamegawati 129.6. Tedzani wachinayi, womangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, anatha mu 2021. Pofika chaka chimenecho mphamvu yonse yochokera ku madzi inali pafupifupi mamegawati 390.

Taonani bwino mndandandawu. Kupatula Wovwe yekha, malo onsewa ali pa mtsinje umodzi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma kwa zaka zoposa 50 denga lonse la magetsi a dziko lino linasenzedwa ndi Shire yekha. M'menemo muli phindu, chifukwa madzi sitigula kwa munthu. M'menemonso muli choopsa, monga tione kutsogoloku.

ANTHU ACHULUKA, NJALA YA MAGETSI YAKULA

M'chaka chomwe Nkula A anatsegulidwa, kalembera wa 1966 anapeza kuti m'Malawi munali anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa iwo oposa 770,000 anali a m'boma la Dowa, oposa 310,000 a m'boma la Ntchisi. Anthu anachuluka kanayi ndi kupitirira, pamene mphamvu ya magetsi a m'madzi inachuluka kakhumi kasanu ndi kamodzi. Munthu angaganize kuti pamenepa magetsi akanakwanira. Koma sizinatero ayi, chifukwa mu 1966 ogwiritsa ntchito magetsi anali ochepa kwambiri, makamaka maofesi, mafakitale ndi nyumba zina za ku Blantyre ndi Zomba. Lero chipatala, sukulu, chigayo, sitolo ndi nyumba iriyonse zikufuna magetsi.

Makalembera awiri omaliza akutionetsa kusintha kochititsa chidwi. Mu 2008 mabanja oposa 8 mwa 10 alionse ankaunikira ndi parafini, m'koloboyi kapena m'nyali ya galasi, ndipo owunikira ndi magetsi anali pafupifupi 7 pa 100 alionse. Pofika 2018 parafini anali atatsala pang'ono kuiwalika, pakuti omugwiritsa ntchito sanafike mabanja 2 pa 100. Kodi malo ake anatenga ndi magetsi? Iyayi. Mabanja owunikira ndi magetsi anangofika pa 11 pa 100, ndipo kumidzi anali pafupifupi 4 okha. Oposa theka la mabanja onse anali kuunikira ndi tochi za mabatire, ndipo ena anali atayamba sola. Koloboyi anagonja kwa tochi, osati kwa waya.

Pa zophikira, kalembera yemweyo wa 2018 anapeza kuti mabanja 77 pa 100 ankaphikira nkhuni, 18 makala, ndipo ophikira magetsi anali ngati 2 okha. Ndiye kuti ngakhale m'nyumba zambiri zimene muli magetsi, nsima imaphikidwabe pa mafuwa kapena pa mbaula ya makala.

Boma linayambitsa ntchito yofikitsa magetsi kumidzi, yodziwika ndi dzina lakuti MAREP, mu 1980. Ntchitoyi imayenda m'magawo, ndipo imayamba ndi malo a malonda, zipatala ndi sukulu. Ndalama zake zina zimachokera ku kamsonkho koikidwa pa mafuta a galimoto, kotero kuti aliyense wokwera basi kapena minibasi amaponyapo tambala yake, ngakhale kwawo kulibe polo ndi limodzi lomwe.

AMAIKA MTENGO NDANI?

Kwa zaka zambiri bungwe la ESCOM linkagwira lokha ntchito zonse: kupanga magetsi, kuwatumiza pa mawaya ndi kuwagulitsa. Mu 1998 linasanduka kampani ya Boma. Kuyambira Januwale 2017 ntchito yopanga magetsi inapatulidwa ndi kupatsidwa kwa kampani yatsopano ya EGENCO, ndipo ESCOM inatsala ndi ntchito yogula magetsiwo, kuwatumiza ndi kuwagulitsa kwa ife.

ESCOM siidziikira yokha mtengo. Lamulo la 2004 linakhazikitsa bungwe la MERA, limene limayang'anira mitengo ya magetsi ndi ya mafuta. Pa zaka zinayi zirizonse ESCOM imapereka pempho lake, kufotokoza ndalama zimene ikufuna kuti igwire ntchito. MERA imaitanitsa maganizo a anthu pa misonkhano, kenaka imagamula. Kuwonjezera apo, pali njira ina yosinthira mtengo pakati pa zaka zinayizo, pamene mphamvu ya kwacha ndi mitengo ya zinthu zasintha mopitirira magawo 5 pa 100.

Nawu tsono ulendo wa mtengo m'zaka zapitazi. Mu Meyi 2012 Boma linatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250, ndipo mwezi womwewo magetsi anakwera ndi magawo oposa 60 pa 100. Mu 2014 MERA inavomereza kukweza kwa 37.28 peresenti, kogawidwa pa zaka zinayi. Mu 2018 ESCOM inapempha 60 peresenti, koma inapatsidwa 31.8 peresenti, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho mtengo wapakati wa yuniti imodzi unachoka pa K73 kufika pa K88. Mu Malichi 2021 unachoka pa K94.43 kufika pa K104.46. Mu Sepitembala 2023 MERA inavomereza kukweza kwa 50.8 peresenti pa zaka zinayi, ndipo gawo loyamba la 18 peresenti linafikitsa yuniti pa K123.26. Patangopita miyezi iwiri, mu Novembala 2023, kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo MERA inalengeza kukweza kwina kwa 40.92 peresenti, kofikitsa mtengo wapakati pa K173.70.

Motero pa zaka zisanu zokha, kuchokera 2018 kufika kumapeto kwa 2023, mtengo wapakati wolengezedwa unawirikiza kawiri ndi kupitirira. Koma awerengi azindikire tanthauzo la mawu akuti mtengo wapakati. Ogula magetsi ali m'magulu: a m'nyumba, a masitolo ndi zigayo, ndi a mafakitale aakulu, ndipo gulu lirilonse liri ndi mtengo wake. Mtengo wapakati umapezeka pophatikiza magulu onsewa. Wa m'nyumba amalipira mochepera wa bizinesi, ndiponso mayuniti 50 oyamba amene banja ligula pa mwezi anaikidwa pa mtengo wotsika, pofuna kuthandiza mabanja ochepekedwa. N'chifukwa chake ndalama yomweyo imagula mayuniti ambiri kumayambiriro kwa mwezi, koma ochepa pogula kachiwiri kapena kachitatu. Ambiri amaganiza kuti wogulitsa wawabera, pamene chachitika n'chakuti mayuniti otsika mtengo aja atha.

MADZI NDI ATHU, NANGA DOLA IKULOWAPO BWANJI?

Funso limeneli limamveka kawirikawiri, ndipo ndi funso lanzeru. Madzi a Shire ndi aulere ndithu, koma makina amene madziwo amazunguza sapangidwa kuno. Mathiransifoma, mawaya, mamita ndi zitsulo zokonzera makina akawonongeka, zonsezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Ngongole zomangira malo opangira magetsi zimabwezedwa m'ndalama zakunja. Dizilo wa majenereta amachokera kunja. Makampani ena amene amagulitsa magetsi kwa ESCOM nawonso mitengo yawo inamangidwa pa dola. Kwacha ikagwa, zonsezi zimakwera tsiku lomwelo.

Tiyeni tichite kasamu kakang'ono. Pakati pa 2018 yuniti inali pa K73, ndipo dola imodzi inkasinthidwa ndi pafupifupi K730. Ndiye kuti dola imodzi inkagula mayuniti 10. Kumapeto kwa 2023 yuniti inalengezedwa pa K173.70, dola iri pa pafupifupi K1,700. Dola imodzi inkagulabe mayuniti ngati 10. Taonani, poyesa ndi dola mtengo wa magetsi sunasunthe kwenikweni pa zaka zisanuzo. Chimene chinasuntha ndi kwacha ya m'thumba mwathu.

Zimenezi ziri ndi tanthauzo kwa ife a ku Dowa ndi Ntchisi. Mlimi wa fodya, amene mabelo ake amagulidwa pa mtengo wa dola ku okushoni ya Kanengo kapena Chinkhoma, ali ndi pobisalira pang'ono, ngakhale feteleza amamulanda zambiri za phindulo. Koma mlimi wa mtedza, soya, nyemba ndi mbatata, pamodzi ndi mphunzitsi, namwino ndi mlonda amene amalandira makwacha, iwo amamva kulemera konse kwa kukwera kulikonse, chifukwa malipiro satsatira dola msanga.

Palinso zifukwa zina zimene ziri m'manja mwa anthu eni ake. Magetsi ena amatayika pa mawaya aatali ndi okalamba. Ena amabedwa ndi anthu olumikiza mwachinyengo. Mathiransifoma amaphwanyidwa ndi mbava zofuna waya wa kopa ndi mafuta a m'kati mwake. Palinso ogula aakulu amene amachedwa kulipira ngongole zawo. Zotayika zonsezi sizithera m'malere. Mapeto ake zimalowa m'mtengo wa yuniti imene wogula wokhulupirika amalipira.

ZAKA ZA MDIMA

Magetsi okwera mtengo koposa onse ndiwo amene athima. Mwini chigayo amene magetsi amuthimira tsiku lonse amalipirabe antchito ake, ndipo amayi amene anasenza chimanga kuchokera kutali amabwerera nacho chosagaya. Chipatala chimayatsa jenereta ya dizilo, imene yuniti yake imadula kangapo kuposa ya pa waya.

Mu 2016 ndi 2017, mvula itavuta zaka zotsatizana, nyanja inatsika kwambiri ndipo madzi otulukira mu Shire anachepa. Kumapeto kwa 2017 magetsi opangidwa anatsika kufika pansi pa theka la mphamvu ya makina, ndipo madera ena ankakhala tsiku lathunthu mu mdima. Pofuna kuchepetsa vutoli, mu 2018 kunabwera majenereta a dizilo obwereka a kampani ya Aggreko, a mamegawati 78, amene anaikidwa ku Blantyre, Lilongwe ndi Kasungu, nagwira ntchito kufikira 2022. Anathandiza ndithu, koma pa mtengo waukulu.

Mu Januwale 2022 vuto linabwera mwa njira ina. Namondwe wa Ana anadzaza Shire mopitirira muyeso, madzi anagumula damu la Kapichira, ndipo usiku umodzi dziko linataya mamegawati 129.6, ndilo gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse a m'madzi. Kuthimathima kunapitirira chaka chathunthu kufikira Kapichira atakonzedwa mu 2023. Madzi akachepa, mdima, akachuluka, mdimanso. Ndiponso zinalembedwa m'mbiri kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kotero kuti Shire analeka kutulutsa madzi ake. Chimene chinachitikapo kale sitinganene kuti sichingachitikenso.

Chifukwa cha maphunziro owawa amenewa, dziko linayamba kufunafuna mitu ina yothandiza kusenza denga. Mu 2021 kunatsegulidwa munda waukulu wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60 ku Nanjoka m'boma la Salima, kumunsi kwa mapiri a Mvera. Mu 2022 kunatsegulidwa wina wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza, wokhala ndi mabatire osungira mphamvu. Kale pang'ono, mu 2018, ndi thandizo la dziko la America, anamaliza kumanga waya wamkulu wochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma, umene unakulitsa njira yobweretsera magetsi m'chigawo chapakati.

MTENGO WA M'PHIRI NDI MTENGO WA PA MITA

M'chinenero chathu mawu akuti mtengo ali ndi matanthauzo awiri, ndipo pa nkhani ya magetsi matanthauzo awiriwa ndi apachibale. Phiri likakhala ndi mitengo, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono, akasupe saphwa, ndipo mitsinje imapereka madzi ku nyanja ngakhale m'chilimwe. Phiri likametedwa mpala, madzi amathamanga tsiku limodzi, atanyamula dothi la m'minda, ndipo pofika Okutobala mtsinje uli gwaa. Nyanja imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, nitsika koposa cha mu Novembala ndi Disembala, ndipo kutsikako kukakula makina a pa Shire amasowa madzi. M'chigwa cha Shire momwemo, dothi lokokoloka limakwirira madamu, pamene namasupuni ndi zinyalala zimatseka polowera madzi, kotero kuti makina amaimitsidwa kuti achotse zimenezi. Ntchito yochotsayo imadya ndalama chaka ndi chaka.

Ife a kuno tiri ndi nkhalango ya Ntchisi, imene iri imodzi mwa nkhalango zochepa zachilengedwe zobiriwira chaka chonse zimene zatsala m'chigawo chapakati, ndiponso nkhalango za Kongwe ndi mapiri a Dowa. Koma tikudziwa tonse m'mene mitengo yathera chifukwa cha zigafa za fodya, kuwotcha njerwa, kutsegula minda m'mapiri, ndi matumba a makala amene amatsika pa njinga kulowera ku Lilongwe. Pamenepa pali chizungulire choopsa. Magetsi akakwera mtengo kapena akamathimathima, a m'tauni amathamangira ku makala. Makala akafunika kwambiri, mapiri amametedwa. Mapiri akametedwa, mitsinje imaphwa ndipo magetsi amavutiranso. Mu 2020 lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa pa owotcha ndi ogulitsa makala opanda chilolezo, koma lamulo palokha silingameretse mtengo. Womeretsa mtengo ndi banja limene liri ndi kamunda kake ka nkhuni ndi milimo ya zigafa, ndi mudzi umene umasunga nkhalango yake ndi magombe a mitsinje yake.

KUWERENGERA M'BANJA

Mtengo wa yuniti sitiika ndife, koma chiwerengero cha mayuniti amene nyumba idya chiri m'manja mwathu. Choyamba, banja likhale ndi kope. Tsiku loyamba la mwezi lembani mayuniti amene ali pa mita, ndipo nthawi iriyonse mukagula lembani tsiku, ndalama ndi mayuniti amene mwapatsidwa. Patsani ntchito imeneyi mwana wa sukulu, kuti masamu a m'kalasi aone ntchito yake pakhomo. Pakutha miyezi itatu mudzadziwa bwino kumene ndalama yanu ikupita, ndipo mudzaona kuti m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene kuno kumapiri aliyense amafuna madzi otentha, mita imathamanga koposa.

Chachiwiri, dziwani mdani weniweni. Abambo ambiri amakalipira ana chifukwa cha foni ndi wailesi, pamene mayuniti akuthera ku zinthu zotenthetsa: mbaula ya magetsi, ketulo, simbi ndi chitsulo chotenthetsera madzi osamba. Nyumba ya mababu anayi akale imataya mayuniti 36 pa mwezi pa kuunikira kokha. Ikasintha ndi kuika a LED, imadya osafika 6. Mayuniti 30 opulumukawo akhoza kusunga banja m'kati mwa mayuniti 50 otsika mtengo aja.

Chachitatu, pophika, viikani nyemba m'madzi usiku kuti zisachedwe kupsa, vundikirani mphika, ndipo wiritsani madzi okhawo amene mukufuna. Sitani zovala zonse nthawi imodzi m'malo moyatsa simbi m'mawa uliwonse. Ophikira nkhuni ayese mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu.

Chachinayi, kwa mabanja amene waya sunawafike: werengani ndalama zimene mumataya pa mabatire, makandulo ndi kutchajitsa foni pa chaka chathunthu. Ambiri akawerenga amapeza kuti ndalamayo ikanagula kale nyali ya sola. Koma pogula chenjerani ndi chikomekome cha mkuyu. Funsani chikalata cha chitsimikizo, funsani kumene mungakadandaule chipangizo chikafa, ndipo ngati mukulipira pang'onopang'ono pa foni, phatikizani malipiro onse kuti mudziwe mtengo wake weniweni musanasaine.

MAWU KWA ACHINYAMATA

Inu anyamata ndi atsikana, nkhani iyi ndi yanu koposa, pakuti zaka zikubwerazi magetsi adzafika m'midzi yambiri, pa waya kapena pa sola, ndipo padzafunika manja odziwa ntchito. Sukulu za ntchito zamanja monga za ku Lilongwe ndi Salima zimaphunzitsa luso losiyanasiyana, ndipo mwa maluso onse la magetsi ndi limodzi mwa amene sadzasowa msika. Woika mawaya m'nyumba amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku MERA. Makolo asalole munthu wopanda chiphaso kugwira ntchito imeneyi chifukwa chakuti watchula ndalama zochepa, pakuti nyumba zambiri zapsa ndi mawaya oikidwa molakwika.

Pewani mayesero olumikiza magetsi mwakuba, kapena kukoka waya pansi kuchokera nyumba ina kupita ina. Waya wotero wapha ana osalakwa nthawi ya mvula. Ndipo thiransifoma ya pa malo a malonda kwanu muiyese ngati mjigo wa m'mudzi. Ikaphwanyidwa usiku umodzi, chigayo, chipatala ndi sukulu zimakhala mu mdima kwa masabata kapena miyezi, ndipo mbava yapindula ndalama zosakwana n'komwe kugula gawo laling'ono la chimene yawononga. Mukaona anthu okayikitsa pafupi nayo, dziwitsani a mfumu ndi apolisi.

Mukapeza magetsi, funsani kuti adzakubweretserani chiyani. Yuniti imene yathera pa kanema usiku wonse yapita osabwerera. Yuniti yomweyo ikathera pa makina osokera, pa chigayo cha chiponde, pa pampu yothirira dimba kapena pa babu lowerengera mayeso, imabweza ndalama yake ndi phindu pamwamba.

POMALIZA

Mbiri ya zaka zimene tawerengazi ikutiphunzitsa kuti mtengo wa magetsi umatsata zinthu zitatu: mphamvu ya kwacha, madzi a m'nyanja, ndi kukhulupirika kwa ogulitsa ndi ogula omwe. Pa choyambacho banja lingachite zochepa. Pa ziwiri zinazo lingachite zambiri. Pamene MERA iitanitsa maganizo a anthu pa pempho la mitengo yatsopano, mafumu, makomiti a chitukuko ndi magulu a alimi a ku Dowa ndi Ntchisi asakhale chete, pakuti mwana wosalira amafera mu mbereko. Afunse kuti pa ndalama zowonjezerazo midzi ingati ya kwathu idzalumikizidwa, ndi kuti thiransifoma ikafa idzakonzedwa pa masiku angati. Ndipo mvula yoyamba ikagwa chaka chino, banja lirilonse libzale mitengo yake m'malire a munda ndi m'mbali mwa mtsinje, niliyambe kope lake la mayuniti tsiku loyamba la mwezi wamawa.